Chaka Chimene Nsanja ya ku Shiladia Inapendekeka

Chimene chinayamba kumusowetsa mtendere Tofazzal chinali kaphokoso kakang'ono, koti wina akanangoti ndi khoswe.

Pakati pa nsanja ya nyali ya pachilumba cha Shiladia panali chibowo chochokera pamwamba mpaka pansi, ndipo m'menemo munkalendewera chitsulo cholemera ngati mwana wa ng'ombe, chomangidwa pa tcheni. Chitsulocho chikamatsika pang'onopang'ono chinkakoka makina, makinawo n'kumazunguza galasi la nyali kuti oyenda panyanja aziona kuwala kukubwera ndi kupita. Chikafika pansi, munthu ankapukusa chogwirira n'kuchikwezanso. Tofazzal anali atapukusa chogwiriracho zaka makumi anayi, ndipo chitsulocho chinali chisanakhudzepo khoma. Koma m'mawa wina wa chilimwe, chaka chachisanu ndi chinayi Angelezi atachoka, akuchitsitsa kuti apake girizi pa tcheni, anamva kuti khwee. Anaima. Anatsitsanso pang'ono. Khwee.

Anatsika mpaka pakati pa nsanja, natsegula kachitseko ka pachibowocho, n'kupisamo dzanja. Chala chake chinapeza mzere watsopano pamwala, mbali ya kunyanja. Sanafunike womuuza. Chitsulo cholendewera sichikhota, chimalunjika pansi basi. Ngati chakhudza khoma, ndiye kuti khomalo ndi limene lachitsatira.

Tsiku lonselo sanauze munthu. Anapaka girizi, anapukuta magalasi, n'kusesa zitosi za mbalame pakhonde la pamwamba.

Tofazzal anabadwira m'kanyumba ka antchito patsinde pa nsanjayo. Agogo ake, a Meher Ali, anali m'gulu la anthu amene anasenza miyala yake pamutu. Pachilumbapo palibe mwala ngakhale wogendera galu, ndi matope ndi mchenga basi, choncho Angelezi anachita kubwera nayo pa zombo, atatopa ndi kutaya sitima zawo pamichenga yobisika ya pamathiriro a mtsinje. Anamanga zaka zisanu. Masitepe anakwana 172. Khoma la pansi linali lochindikala moti pazenera munthu ankatha kugonapo atatambasula miyendo. Pamwamba anaikapo galasi longa chinanazi chachikulu, loti amuna awiri n'kuimirira m'kati mwake. Masiku a bambo ake a Tofazzal nyali inkayaka ndi mafuta a kokonati, nsanja yonse n'kumanunkhira ngati pophikira za ukwati. Palafini anabwera pambuyo pake.

Nthawi imene ankaimanga, pakati pa nsanja ndi nyanja panali minda ya mpunga, mudzi wa asodzi, dziwe ndi msika wa Lachiwiri. Msikawo Tofazzal anangoumva. Mudziwo anauona ali mwana. Dziwe linapita chaka chimene anakwatira. Tsopano panatsala mzere umodzi wa mitengo ya kokonati, ndi manda.

Sukulu sanaipondeko, choncho akuluakulu a nyali ankabwera ndi kupita, Azungu poyamba, kenako anthu a kutsidya, iye ali pomwepo ndi zigubu za palafini paphewa. Wamkulu wa nthawi imeneyo anali a Barua, Mbuda mwa chipembedzo, wochokera kutsidya, munthu wonenepa wa maondo ovuta, amene pokwera nsanja ankaima pazenera lililonse n'kumanamizira kuyang'ana nyengo. Antchito ena awiri anali alendo pachilumbapo, ongodikira tsiku lowasamutsa.

Tsiku lachitatu Tofazzal analephera kupirira, ndipo anakawauza a Barua. Iwo anamvetsera akutafuna pani, masamba ofiiritsa m'kamwa, milomo ili psuu. Kenako anatenga ndimu m'khitchini, nakwera nayo masitepe onse, tsiku limenelo osaima pazenera. M'chipinda cha pansi pa nyali anaiika ndimuyo pakati pa simenti. Inakhala kaye ngati ikuganiza, kenako inagubuduzika mpaka kukagunda khoma la kunyanja.

"Ndimu yako ndi yokhota, Tofazzal Mia," anatero a Barua, pomuitana mwaulemu wa kumeneko, koma sanaseke. Anaitola n'kuiikanso moitembenuza. Inapitanso komweko.

A Barua analemba makalata atatu. Patatha miyezi iwiri kunabwera injiniya wa nsapato zonyezimira, amene anachita kumubereka pochoka m'boti kuti asaponde matope. Anayeza ndi ulusi, analemba m'kabuku, n'kunena kuti nsanja zakale zimatero, imeneyi ili ndi zaka khumi zina. Analonjeza kuti mvula ikatha atumiza miyala yotchingira gombe. Anamwa madzi a kokonati n'kubwerera tsiku lomwelo nyanja isanaphwe.

Mvula ikatha. Tofazzal anawatembenuza mawuwo m'mutu sabata yonse. Mvulayo inali isanayambe n'komwe.

Komabe chimene chinkamudya kwenikweni sichinali nsanja. Anali manda aja. Anali ochepa, otchingidwa ndi mpanda wa nsungwi. Kumapeto, pafupi ndi mitengo ya kokonati, kunagona Azungu awiri pansi pa miyala yolembedwa. Kenako a Meher Ali. Kenako bambo ake a Tofazzal. Ndipo chakuno, pafupi kwambiri ndi nsanja, panagona Ambia, mkazi wake.

Ambia anamwalira madzinja anayi m'mbuyomo. Anadwala malungo aakulu nthawi imene wamkulu wa nyali anali kutsidya, antchito ena awiri a nthawiyo ali chigonere ndi matenda omwewo. M'mawa wina mlongo wake wa Ambia, Sobhan, anafika ndi boti lake n'kunena kuti mphepo yapumira, awoloke naye msanga kuchipatala. Ambia anali asanawolokepo chibadwire, ndipo anakana kukwera boti popanda mwamuna wake. Tofazzal anayang'ana mkazi wake, anayang'ana nsanja imene inalibe wina woiyatsa, n'kunena kuti mawa, wina mwa odwalawo akadzuka. Mawa lakelo mphepo inatseka njira masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachinayi Ambia anatsirizika. Nyali sinazimepo ngakhale kamodzi, ndipo akuluakulu anamutumizira Tofazzal kalata yomuyamikira. Anamuwerengera kamodzi, iye n'kuiponya pansi pa bokosi la zovala.

Sobhan anali wamng'ono kwa Ambia, msodzi wa pakamwa posatseka, ndipo ndi amene ankabweretsa katundu wa antchito a nyali Lolemba lililonse. Kale iye ndi mlamu wake ankanyogodolana mpaka misozi ya kuseka. Chimwalirireni Ambia, nthabwala zinalipobe, koma zinamera mano.

Lolemba lina, atatsitsa mpunga ndi nsomba zouma, Sobhan anapita kumanda. Anaimirira pamphepete pa gombe nthawi yaitali, akuyang'ana pansi pomwe mafunde anakumba mizu ya kokonati, kenako anabwerera kudzapeza mlamu wake akutsuka zigubu.

"Alamu, nyanja yafika pa kokonati. Mukudikira kuti idzachite odi?"

Tofazzal anayankha, maso ali pa chigubu, kuti injiniya walonjeza miyala.

"Miyala," anatero Sobhan. "Mlongo wanga adyedwa ndi nkhanu inu mukudikira miyala. Timufukule, tikamuike kwathu ku Purbopara, pachitunda pamene anagona amayi. Munamusiya kamodzi chifukwa cha nyali yanuyi ali moyo. Kawiri ayi."

Tofazzal anapitiriza kutsuka chigubu chimene chinali chitayera kale. Patapita nthawi anayamba kupereka zifukwa. Anati kusokoneza wogona ndi tchimo. Anati nkhani yotere ndi ya shehe. Anati anthu atanganidwa ndi kukolola mchere. Sobhan analavula, n'kutsetserekera ku boti lake osatsanzika.

Chifukwa chenicheni Tofazzal sanachitchule. Ankaopa kumuona. Zaka zinayi zonsezo ankadutsa pamandapo m'mawa uliwonse, n'kupereka moni wa mtendere, ndipo dothi lili pakati pawo zinkatheka. Koma kuchotsa dothilo, kutsegula nsungwi zovundikira mtembo, kusuzumira! Nanga akakamupeza atatembenuzira nkhope kumbali, monga ankachitira akakwiya? Ankadziwa kuti maganizo amenewa ndi achibwana kwa munthu wa imvi, koma ankamupezabe ngakhale ali pakati pa masitepe. Panalinso china. Angatenge bwanji mkazi n'kusiya bambo ake omubereka?

Lachisanu lotsatira anayenda ulendo wa maola awiri kupita ku Purbopara, mbali ya kum'mawa kwa chilumba, kumene mwana wake mmodzi yekhayo, Monowara, anakwatiwa ndi wopanga mchere. Ankayembekezera kuti mwanayo amuikira kumbuyo. Monowara anamuthirira madzi m'manja, anamupakulira mpunga ndi nsomba ya tsabola wambiri monga ankaikondera, n'kukhala chapambali akumukupizira ntchentche mpaka anamaliza. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yoyera yopindidwa bwino. Inali sanda yatsopano. Anali ataigula mwezi wathunthu m'mbuyomo.

"Abba, ine sindikunena kuti munalakwa kapena simunalakwe," anatero. "Zimenezo mukakambirana ndi amayi komweko. Ine ndikungofuna malo oti ndiziima chapatali n'kumati ali apo. Panyanja ndidzaloza pati?"

Atatha mapemphero, Tofazzal ndi Sobhan anakhala pansi ndi shehe pakhonde la mzikiti. Shehe anali nkhalamba yosakonda mawu ambiri. Anati ngati madzi akufuna kutenga manda, kusamutsa wogona si tchimo, tchimo ndi kungoyang'ana. Zichitike masana, mwakachetechete, ndi manja a abale. Za bambo ake a Tofazzal anati chimodzimodzi. Anagwirizana za Loweruka la sabata inayo, amuna akamaliza kututa mchere mvula isanauwononge.

Tofazzal ankadziwa kuti mwezi watsopano ukhala Lachitatu, ndipo ankadziwa bwino kuposa onse pakhondepo mmene nyanja imakwerera masiku amenewo. Mawuwo anafika pakamwa. Koma mtima wake unali utapepukidwa ndi masiku asanu ndi atatu amene anamupatsawo, ndipo anawameza. Pobwerera, ali pakati pa minda ya mchere, anatembenuka kuti akanene. Anayenda pang'ono, n'kutembenukanso. Anadziuza kuti chaka chatha mwezi wonga womwewo nyanja sinachite kanthu.

Masiku amenewo sanadye bwino. M'mawa uliwonse akazimitsa nyali ankatuluka pakhonde la pamwamba n'kuyang'ana pansi. Kuchokera kumeneko manda ankaoneka ngati timphasa tatayala padzuwa, ndipo nyanja inkanyambita m'mphepete mwake mosafulumira. M'kati mwa nsanja chitsulo chija chinali chitasiya kunong'ona. Tsopano chinkakukuta khoma momveka mpaka pakhomo, nthawi zina n'kukakamira, munthu n'kuchita kukankha galasi ndi dzanja kuti lisaime. Lolemba mtengo woyamba wa kokonati unagwa, ndipo Sobhan sanabwere chifukwa panyanja panali poipa. Lachiwiri kumwera kunada ngati phulusa lonyowa, mbalame za kunyanja zinadzaza m'minda, ndipo a Barua ankangogogoda ndi chala kachipangizo kawo koyezera nyengo ngati akakagogoda kwambiri kasintha maganizo.

Lachitatu kutangocha nyanja inakwera ndi mphepo kumbuyo kwake. Tofazzal ndi a Barua anaonera zonse ali pakhonde la pamwamba, atagwira zitsulo, mvula ikuwamenya kumaso. Gombe silinagumuke ndi phokoso. Linkangochoka zidutswa zidutswa, monga mayi amadulira dzungu. Mitengo ya kokonati inagwada umodzi umodzi. Miyala ya Azungu aja inapendekeka, inaima kaye chammbali, n'kulowa. Mpanda wa nsungwi unayandama wathunthu. Kenako malo amene anagona a Meher Ali, amene anasenza miyala ya nsanja imene iwo anaimapoyo, anang'ambika n'kutsetsereka. Tofazzal anamva mawu ake omwe akutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza.

Madzi anaima mikono itatu kuchokera pamanda a bambo ake, ndipo anayamba kubwerera. Koma aliyense wobadwira pagombe amadziwa kuti nyanja imabwera kawiri patsiku. Madzulo ikanabweranso, ndipo mphepo inali ikukulirakulira.

Tofazzal anatsika masitepe akuthamanga, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Pansi anazungulirazungulira, atagwira khasu limodzi lokhalo la pansanjapo, osadziwa ngati ayambe yekha kapena athamangire ku Purbopara. Maola awiri kupita, awiri kubwera. Anayamba kukumba, anasiya, analowera kunjira, anabwerera. A Barua anamugwira pamkono n'kumulozera kuminda. Pamzere wa pakati pa minda ya mchere pankabwera anthu mondondozana, atawerama ndi mphepo. Patsogolo panali Sobhan, atasenza sanda ija yokulungidwa m'masamba a nthochi. Pambuyo pake amuna anayi a makasu, mmodzi wa iwo mwamuna wake wa Monowara, ndipo kumapeto shehe ndi ndodo yake. Nawo anali ataona mmene madzi anakwerera kwawoko, ndipo sanadikire kuitanidwa.

Sobhan sananyoze. Anayang'ana gombe, anayang'ana kumwamba, n'kufunsa kuti ayambire pati.

Dothi linali lofewa ngati phala. Kukumba maenje awiri nthawi imodzi moyandikana choncho, pamphepete pongogumuka kumene, kunali kuitana ngozi, ndipo anthu ake anali ochepa. Manda a bambo ake ndi amene anali pafupi ndi madzi. A Ambia mwina akanapirira usiku umodzi, mwinanso ayi. Onse anamuyang'ana Tofazzal. Iye anayang'ana mulu wa dothi wophwatalala wa munthu amene anamuphunzitsa kudula chingwe cha nyali, amene ankamukweza paphewa masitepe omaliza. Shehe sanamuthandize. Mvula inkatsika m'ndevu zake.

"Ambia," anatero Tofazzal.

Anakumba mosinthana. A Barua anatumiza antchito awiri aja kukatenga chinsalu cha thanga m'nyumba yosungira katundu, ndi kuzula chitseko cha nyumbayo kuti chikhale chonyamulira. Iwo eni anaima patali, posadziwa ngati Mbuda amaloledwa kuyandikira, mpaka shehe anawakodola ndi ndodo kuti agwire ngodya imodzi ya chinsalucho. Atafika pa nsungwi zimene amayala pamwamba pa mtembo, anazipeza zitafumbwa, zina zitagwera m'kati. Pansi pake panali madzi. Sobhan anaviika chala n'kulawa, ndipo anangoyang'ana kumbali. Anali amchere. Anawakapa ndi poto wophikira mpunga.

Sobhan atakwinya nsalu yake kuti atsike, Tofazzal anamutchinga ndi mkono. Anatsika yekha, matope n'kumufika m'mawondo. Anagwada, natseka maso, n'kupisa m'matopemo.

Zimene ankaopa zaka zonse zija sizinalimo. Munalibe nkhope yoti n'kumutembenukira kapena kumufulatira. Munali mafupa ang'onoang'ono, ofiirira ngati tiyi, opepuka kuposa mmene ankaganizira. Anapeza fupa la mkono wamanzere lokhala ndi mfundo pamene Ambia anathyoka ataterereka padziwe ali mtsikana, ndipo analigwira kanthawi.

"Mayi ake Monowara, ndine," anatero chapansipansi. "Tikusamuka."

Ankatola limodzi limodzi, n'kulitsuka m'madzi a mvula amene mkamwini wake anatchera m'beseni, n'kumupatsa Sobhan, amene ankayala pa sanda. Sanafune kusiya ngakhale kafupa ka chala. Anapapasa ngodya iliyonse kawiri, katatu, amuna a pamwamba akuyang'anayang'ana kunyanja. Pamene ankatuluka, dzuwa, ngakhale silinkaoneka, linali litapendeka, ndipo mafunde anali atayambanso kumveka pafupi.

Sanapume. Anatola khasu n'kulumphira pamanda a bambo ake. Awiri anamuthandiza kanthawi, koma thovu litayamba kuwagwera pamsana anatuluka. Tofazzal anapitiriza yekha. Anali atafika m'chiuno pamene mkamwini wake anaona mng'alu pansi, kumbuyo kwa dzenjelo, wopyapyala ngati ulusi, wochokera mbali ina ya gombe kukafika mbali inzake. Anamuitana, iye osamva. Sobhan analumphiramo, anamugwira m'chiuno n'kumukoka. Tofazzal anatembenuka n'kumumenya chibakera pakamwa, munthu amene anali asanamenyepo ngakhale mbuzi.

"Mukandimenyerenso kutsogoloko, alamu," anatero Sobhan, magazi ali m'mano. "Koma muno tulukani. Monowara ndikamuuza chiyani?"

Anamutulutsa. Ndiye dothilo silinagwe. Anamanga sanda, anaiika pachitseko, anaifunda chinsalu cha thanga, shehe anapemphera, dothi lili chiimire. Tofazzal ankangoliyang'ana, akuwerengera mumtima makasu amene akanaponya nthawi yonseyo. Linadzagwa atanyamula kale, ali pa njira ya kuminda. Mpaka imfa yake sanadziwe ngati akanafika pa nsungwi kapena ayi, ndipo nthawi zina ankafunsa anthu amene kunalibeko n'komwe kuti iwo akuona bwanji.

Pa njira pomwepo anakumbukira nthawi. Kunali kukuda, ndipo tsiku la mphepo chonchi galasi linkafuna munthu wolidziwa. Anaima, ngodya ya chitseko ili paphewa, n'kuyang'ana m'mwamba. Sobhan anatsegula pakamwa, koma a Barua, amene anawaperekeza pang'ono, anayamba ndi iwo kulankhula.

"Pitani, Tofazzal Mia. Maondowa ndi a boma, lero agwireko ntchito."

Anapita. Koma njira yonse ankacheuka, chitseko n'kumagwedezeka, mpaka anaona kuwala kukudutsa pamwamba pa minda. Kunkazungulira mochedwa kuposa mmene kumayenera, ndipo anayamba kudandaula kuti sitima ikabwera isokonezeka. Sobhan, mlomo uli chotupa, anamuuza kuti ayang'ane kutsogolo asanagwetsere mlongo wake m'munda wa mchere. Anafika ku Purbopara kutada. Mtembo unagona pakhonde la mzikiti, ndipo m'mawa anauika pachitunda, pafupi ndi mayi ake. Monowara anaonera ali patali, pansi pa mtengo wa mango, mpaka amuna onse anabalalika.

Nsanja inapirira dzinja limenelo, ngakhale madzi ankafika pakhomo mwezi ukakhala. Tofazzal anasamutsira mphasa yake m'chipinda cha pakati, ati kuti azimva ikayamba kupita, ngati kuti kumvako kukanathandiza kanthu. Mvula itatha mng'alu unaoneka pakhoma la pansi, woti dzanja n'kulowa. Maboti amene injiniya analonjeza anabweradi, koma sanabweretse miyala. Anabweretsa mabokosi ndi udzu. Amisiri anamasula galasi lija chidutswa chidutswa, ndipo Tofazzal sanalole wina kukulunga. Chilichonse anachipukuta kaye, ngakhale anamuuza kuti kumene chikupita kulibe wochiyang'ana. Mkati mwa chilumba anaimika nsanja ina yachitsulo, yoonekera mbali zonse ngati chitatanga cha nkhuku, ya nyali ya gasi yoyaka yokha. Wosenza palafini sinkamufuna. A Barua anabwerera kwawo kutsidya, ndipo potsanzikana anamusiyira ambulera yawo.

Tofazzal anakakhala kwa Monowara. Ankathandiza kusalaza minda ya mchere, ngakhale mkamwini wake ankadandaula mwamseri kuti amasalaza malo amodzi tsiku lonse. Kugombe lakale sanapiteko. Nsanja inaima yopanda munthu zaka zina zitatu, madzi ataizungulira, mpaka namondwe wamkulu anaigwetsa. Nkhaniyo anaimva kwa mayi wina wogulitsa nkhanu, amene anaitchula pakati pa nkhani zina. Anangofunsa kuti yagwera mbali iti, ndipo atamva kuti kunyanja anagwedeza mutu n'kupitiriza kusenda adyo.

Ndi Sobhan anapeza chokangana chatsopano. Pachitunda paja, pambali pa Ambia, panatsala malo a munthu mmodzi yekha mpanda usanafike. Sobhan ankati ndi ake, popeza chitundacho n'cha kwawo, ndipo mkamwini amene anabwera ndi ambulera yokha alibe mawu pa dothi la eni. Tofazzal ankati mwamuna ndi mwamuna. Ankakangana Lachisanu lililonse potuluka mu mzikiti, anthu mpaka anazolowera, koma Tofazzal sankaitenga ngati nthabwala. Sobhan akangotsokomola, iye ankabwera kunyumba nkhope ili gwaa, n'kumufunsa Monowara ngati amalume akewo akudya bwino.

Sobhan ndi amene anatsogola, ndi chifuwa, chaka chachisanu ndi chimodzi chisamutsireni Ambia. Tsiku la maliro Tofazzal anatsatira jeneza, chonyamulira mtembo, akuganiza kuti malo aja amuphonya, ndipo atafika pachitunda anapeza dzenje litakumbidwa kumunsi, pafupi ndi chipata, kutali ndi Ambia. Anaganiza kuti okumba alakwitsa, ndipo anayamba kuwakalipira. Mwana wamkulu wa Sobhan anamutengera pambali n'kumuuza kuti malowo anasankha ndi malemu eni, miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo analamula kuti asauzidwe munthu wa nyali uja, angayambe kunyada.

Tofazzal anakhala zaka zina ziwiri. Anamuika pambali pa mkazi wake, m'chilimwe, dothi lili louma.